Mutu 7: Mapiritsi a m'Thumba la Jekete

1. Tsiku lochapa

Sophie adali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, ndipo ankaphunzira Fomu 2. Kwawo kudali m'mudzi wina m'munsi mwa phiri la Mphunzi. Bambo ake, a Bonifasio, ankalima mbatatesi, kabichi ndi nsawawa kudimba. Mayi ake, a Filomena, ankagulitsa mbewuzo m'mbali mwa msewu pa Chimbiya.

Chaka chapitacho a Bonifasio adagwa ali kudimba. Pakamwa padapotoka pang'ono, ndipo dzanja lamanzere lidachita dzanzi masiku atatu. Kuchipatala adati idali sitiroko yaing'ono. Atawayeza adapeza kuti mafuta a m'magazi mwawo adachuluka kwambiri, choncho adawalembera mankhwala: piritsi limodzi madzulo aliwonse, osadumphitsa.

Popeza chipatala chidali kutali, mankhwalawo ankawatenga mwezi ndi mwezi ku famase ya pa Chimbiya. Mwini wake adali mayi Bernadetta, amene adaphunzira za mankhwala. Mayiwa adapatsa banjalo khadi la masiku makumi atatu, loti azichongapo a Bonifasio akamwa.

Ntchito imeneyi idagwera Sophie. Akatha kudya chakudya chamadzulo, iye ankabwera ndi piritsi ndi kapu ya madzi. Bambo ake ankalandira, n'kupititsa dzanja kukamwa, n'kumwera madzi. Sophie ankachonga pakhadi.

Lachisanu lina m'mwezi wa Julaye, atabwera kusukulu, Sophie adasonkhanitsa zovala zoti achape. Kamphepo kozizira kankatsika m'phiri. Asanaviike jekete la bambo ake m'beseni, adapisa m'matumba monga ankachitira nthawi zonse. M'thumba lam'kati adapezamo kabokosi ka machesi.

Adakagwedeza. Sikadalire ngati machesi.

Atatsekula, adangoti kakasi. Mudali mapiritsi okhaokha. Adawakhuthulira m'dzanja n'kuyamba kuwerenga. Adalipo khumi ndi asanu ndi anayi.

"Bweretsa kuno zimenezo."

Sophie adadzidzimuka. Bambo ake adali ataima kumbuyo kwake, makheni othirira ali m'manja, nsapato zili matope okhaokha.

"Ababa, awa si mankhwala anu?"

"Ndati bweretsa."

Sophie adabwezera mapiritsiwo m'kabokosi n'kupereka ndi manja awiri.

"Koma ine ndimachonga tsiku lililonse kuti mwamwa," adatero motsitsa mawu.

"Uzichongabe. Ndipo amayi ako asamve. Ali nazo kale zambiri zowadandaulitsa."

A Bonifasio adaika makheni pansi n'kulunjika pakhonde. Ankayenda mokoka miyendo, dzanja lili pantchafu.

2. Chenjezo la bambo aakulu

Dzuwa lisanalowe kudabwera a Gibson, mkulu wawo wa a Bonifasio. Iwo ankagula mbuzi m'midzi n'kumagulitsa kwa anthu ootcha kanyenya. Ankayenda kwambiri, motero pabanjapo mawu awo ankamveka. Tsikulo adabwera ndi kanyenya wonona, wokulunga m'nyuzipepala, ndipo awiriwo adakhala pakhonde n'kumadya. A Filomena adali asanabwere kuchokera kumsewu.

Adanong'onezana kanthawi. Kenako a Gibson adaitana Sophie.

"Iwe mwana, khala pansi apa umve. Usaganize kuti bambo akowa asokonezeka mutu. Ine ndi amene ndidawauza kuti asiye, ndipo ndikuuza chifukwa chake.

"Miyezi yonseyi mapiritsi aja ankabwera m'kabokosi koyera, ali ozungulira. Mwezi uno udabweretsa chiyani? Kabokosi ka mzere wobiriwira, mapiritsi ake otalikirapo. Kodi mayi uja adakuuza kuti wasintha? Sadakuuze. Adangokupatsa ngati akukupatsa mchere. Sipadathe masabata awiri, miyendo ya bambo ako idayamba kuphwanya. Munthu amene ankatsikira kudimba kasanu pa tsiku, lero akatsika kawiri akukhala pansi. Iwe ukuti zangochitika zokha?

"Chinanso. Malungo timamwa mankhwala masiku atatu, n'kuchira. Chifuwa chachikulu, ndi kuvuta kwake konse kuja, chili ndi miyezi yake, n'kutha. Nanga mankhwala awa adzatha liti? Ukafunsa akuuza kuti alibe polekezera. Munthu sakumva mutu, sakumva m'mimba, akudya bwinobwino, koma azingomwabe. Tandiuza, amene akupindulapo ndani?

"Ndiye pali za mafoni amene mayi uja amaimbira bambo akowa. Ine ndayenda misika yambiri. Sindidaonepo wogulitsa amene amaimbira wogula kumufunsa kuti mwadzuka bwanji. Si mbale wathu. Si wa mumphakati mwathu. Kwawo sitikudziwako n'komwe. Chikondi chimenechi chachokera kuti? Akungoopa kuti kasitomala angamuthawe, basi.

"Damiano wa kutsidya uja ankamwa mapiritsi onga omwewa. Ali kuti lero? Tidamuika chaka chatha.

"Mapiritsi tikusungawa ndi umboni. Tsiku lake lidzakwana. Mawa ndi tsiku lokatenga ena, eti? Ukapite monga mwa masiku onse, kuti asadziwe kuti tamutulukira. Ukapereke khadi, ukalandire, ukatuluke. Akakakufunsa, ukati zonse zili bwino. Za m'nyumba muno zisakatuluke ndi iwe."

Sophie adayang'ana bambo ake. Iwo adali ataweramitsa mutu, akusisita bondo.

"Wamva zimene anena bambo ako aakulu?" adafunsa a Bonifasio osadzutsa maso.

"Ndamva."

Atalowa m'nyumba, Sophie adatsekula chikwama cha mayi ake chosungira zosokera. Mudali kabokosi koyera ka mwezi wathawo, kamene tsopano kankasunga singano. Adakaika pafupi ndi kabokosi katsopano. Tidalidi tosiyana. Mtundu wosiyana, zilembo zosiyana, ngakhale kukula kwake.

Adakhuthula singano zija, n'kuika timabokosi tonse tiwiri m'thumba la siketi yake.

3. Pa Chimbiya

Loweruka m'mawa kudali nkhungu. Sophie adasenza dengu la nsawawa n'kutsagana ndi mayi ake mpaka kumsewu. Atafika, nkhungu idali itayera. Maminibasi ankaima n'kunyamuka, anthu ogulitsa akuthamangira kumawindo ndi ndowa za mbatatesi.

"Lero wadzuka ndi pakamwa potseka," adatero a Filomena akuyala thumba pansi. "Wadwala?"

"Ayi, amayi. Kuzizira chabe."

A Filomena adamuyang'ana kanthawi, koma minibasi ina idaima ndipo adathamangira komweko.

Famase ija idali kanyumba kopaka laimu, pakati pa golosale ndi shopu yokonza mafoni. M'kati mudali fungo la mankhwala. Mayi Bernadetta adali atavala chovala choyera ndi magalasi. Ankalongosolera gogo wina kamwedwe ka mankhwala, akujambula dzuwa ndi mwezi pakapepala. Sophie adadikira pabenchi mpaka gogoyo adatuluka.

"Sophie! Wafika pa tsiku lake lenileni. Bambo ali bwanji?"

"Ali bwino."

Adapereka khadi. Mayi Bernadetta adaliyang'ana nthawi yaitali. Kenako adayang'ana Sophie pamwamba pa magalasi.

"Masiku onse makumi atatu achongedwa."

"Inde."

"Nanga miyendo yawo ili bwanji? Sakudandaula kuphwanya?"

Palibe amene adawauza za miyendo. Sophie adabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Mwadziwa bwanji za miyendo?"

"Sindidadziwe. Ndimafunsa aliyense womwa mankhwala amenewa. Koma tsopano wandiyankha." Mayi Bernadetta adaika khadi lija patebulo. "Ndawaimbira bambo ako katatu mwezi uno. Koyamba adadula ndili pakati polankhula. Kawiri kotsatirako sadayankhe. Kale sankatero."

Sophie adapisa m'thumba. Adatulutsa timabokosi tija n'kutiika patebulo mwamphamvu kuposa mmene ankafunira.

"Mudasinthiranji mankhwala a bambo anga osatiuza?"

Mayi Bernadetta sadakwiye. Adatenga timabokosito, n'kutitembenuza, n'kutisendeza pafupi ndi Sophie.

"Usakhulupirire mawu anga. Uli pasukulu, uwerenge wekha. Zilembo zikuluzikuluzo zisiye, limenelo ndi dzina limene kampani yapatsa katundu wake. Werenga dzina laling'ono lili m'munsimo. Yamba ndi koyerako."

Sophie adawerenga pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo. Lidali dzina lalitali lovuta kutchula, ndipo pambali pake padali nambala 20.

"Tsopano kobiriwirako."

Dzina lidali lomwelo. Nambala idali yomweyo. Sophie adabwereza kawiri, chala chili pazilembo, kufunafuna pamene pasiyana. Sadapapeze.

"Mankhwala ndi amodzi, mphamvu yake ndi imodzi," adatero mayi Bernadetta. "Makampani opanga ndiwo awiri. Kumene ndimaoda, a kabokosi koyera adatha. Koma funso lako ndi loona, ndipo kulakwa n'kwanga. Tsiku lija mudali anthu ambiri muno, ndidakupatsa mothamanga. Ndidayenera kukuonetsa zimenezi tsiku lomwelo. Pepani."

Panja kondakitala ankakuwa kuitanira anthu a ku Lilongwe.

"Sindikukakamiza kunena kanthu," mayiwo adapitiriza. "Ukafuna, ndikupatsa mankhwala a mwezi uno ndi khadi latsopano, uzipita. Koma ngati khadi ili likunama, amene likumupweteka si ine."

Adatembenuka n'kuyamba kufunafuna pashelefu. Sophie adayang'ana kukhomo. Lidali lotsekula. Adayang'ananso khadi lija, mizere yake yonse yolembedwa ndi dzanja lake lomwe.

"Sakumwa," adatero.

Mayi Bernadetta adaima.

"Papita masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Amabisa piritsi pakati pa zala n'kumwa madzi okha. Ine ndadziwa dzulo. Andiletsa kunena."

Misozi idayamba kutsika. Adafotokoza zonse: za kabokosi ka machesi, za miyendo, za mawu a bambo aakulu, mpaka za Damiano.

4. Chenjezo lachiwiri

Mayi Bernadetta adatulutsa mpando kuseri kwa tebulo n'kumukhazika. Adadikira mpaka Sophie adapukuta m'maso.

"Ndikufunse chimodzi. Chisiyireni mankhwala, miyendo yaleka kuphwanya?"

Sophie adaganiza. "Ayi. Dzulo lomweli amayenda mokoka."

"Nanga adanenapo kuti mkodzo wasintha mtundu, wada ngati tiyi wopanda mkaka?"

"Sindidamve."

"Chabwino. Tsono mvetsera, chifukwa zimene ndikuuzazi ndi za moyo wa bambo ako.

"Bambo ako aakulu sadaname pa zonse. Mankhwala amenewa amatha kuphwanyitsa minofu mwa anthu ena. N'chifukwa chake ndimafunsa za miyendo mwezi uliwonse. Koma miyendo imaphwanyanso ndi zina. Ino ndi nyengo yothirira, munthu akukwera chitunda ndi makheni odzaza tsiku lonse, kunja kukuzizira chonchi. Ndipo ukuti ululu sudathe ngakhale adasiya kumwa. Ine sindilosera. Amene anganene zoona ndi dokotala, atawaona ndi kuwayeza magazi. Zikapezeka kuti ndi mankhwala, pali njira. Amatha kuchepetsa mphamvu yake, kapena kuwapatsa mtundu wina. Koma zonsezi zimatheka munthu akanena. Akabisa, palibe amene angamuthandize.

"Akuti munthu sakumva kupweteka, amwerenji mankhwala? Kuopsa kwa matendawa n'komweko. Iwe ukudziwa paipi yothirira kudimba. Matope akamaunjikana m'kati, kunja imaoneka yabwinobwino. Madzi amatulukabe, pang'ono ndi pang'ono akuchepa, mpaka tsiku lina atsekeka. Mafuta a m'magazi amatero m'mitsempha. Salira, sapweteka. Tsiku limene bambo ako adagwa kudimba, m'mawa mwake adadzuka akumva bwino. Ndikunama?"

"Ayi. Adadzuka akuimba nyimbo za kutchalitchi."

"Ulendo uja adadzuka. Munthu amene yamugwirapo kamodzi, sitiroko ikhoza kubweranso, ndipo yachiwiri nthawi zambiri siichita chifundo. Ena amatsala osayankhula. Ena amatsala pamphasa, owatembenuza ndi ana awo. Piritsi ili silichotsa ngoziyo yonse, ndisakunamize. Limaichepetsa, ndipo limagwira ntchito pokhapokha likumwedwa. Za a Damiano sindinganene, sindikudziwa chimene chidawatenga.

"Za mafoni, n'zoona kuti ino ndi bizinesi, ndimadyera momwemu. Koma kuimba foni kudayamba ndi china. Bambo anga ondibereka adasiya mankhwala onga awa mwakachetechete, atangomva bwino. Tidadziwa atagona kale m'chipatala, titapeza mapaketi osatsekula pansi pa matiresi. Ine mwana wawo ndidali nditaphunzira za mankhwala, koma sindidawafunse ngakhale kamodzi. Kuyambira pamenepo ndimafunsa, ngakhale ena atope nane.

"Tsono tamvera zoti uchite ndi zoti usachite. Usakawakakamize. Usakawasungunulire piritsi m'phala mobisa, chifukwa akadzadziwa sadzakhulupiriranso iwe kapena ine. Mapiritsi adumphitsawo asakawamwe pamodzi pofuna kubweza masiku. Ndipo usakachongenso bodza. Tsiku limene sadamwe, pasiye poyera. Khadi la mipata limandithandiza kuposa khadi lodzaza ndi bodza. Ukakaona pakamwa papotoka, mawu akulemera, dzanja lafooka, kapena akanena za mkodzo wakuda uja, musakadikire kuti kuche. Mukathamange nawo kuchipatala."

Sophie adagwedeza mutu. "Koma akadziwa kuti ndanena, ndikalowera kuti?"

"Adziwa ndithu. Ine sindikufuna kukusandutsa kazitape wa bambo ako. Ndi munthu wamkulu, thupi ndi lawo, ndipo nkhaniyi tiyenera kukambirana ndi iwo maso ndi maso."

Adatenga pepala n'kulemba mizere ingapo. Adaliwerenga mokweza kuti Sophie amve. Lidali lopepesa chifukwa chosawauza a Bonifasio za kabokosi. Linkawapempha kuti abwere tsiku lililonse limene angafune, ngakhale pamodzi ndi mkulu wawo, ndipo linkati mayi Bernadetta awalembera kalata yopita nayo kwa dokotala.

"Ukhoza kukawapatsa, ukhozanso kuling'amba panjira. Zili ndi iwe."

Sophie adalipinda kanayi n'kuliika m'thumba pamodzi ndi mankhwala atsopano.

Potuluka adaona mayi wina ataima pakhomo la golosale, botolo la mafuta ophikira lili m'manja. Adali mayi Agnesi, akazi a bambo aakulu. Sadamupatse moni. Adangomuyang'ana m'maso mofiiramo, kenako adatulutsa foni pachitenje.

5. Pamphambano

Sophie adathandiza mayi ake kugulitsa mpaka dzuwa lidafika pamutu. Kawiri konse adatsekula pakamwa kuti awauze, koma nthawi zonse pankabwera wogula. Nsawawa zitatha, a Filomena adamuuza kuti atsogole akaphikire bambo ake.

Adayenda ndi dengu lopanda kanthu mpaka pamphambano pamene msewu wafumbi wopita kwawo umayambira. Pansi pa mtengo wa bulugamu padali njinga yotsamira. Pambali pake padakhala bambo ake.

Sophie adaima. A Bonifasio sankabwera kumsewu Loweruka. Limeneli lidali tsiku lothirira kabichi.

"Akuti unakhalitsa m'famase muja," adatero. "Akuti unatuluka ukulira."

"Inde, ababa."

"Wanena?"

Sophie adatula dengu. Adagwada pafumbi pomwepo, anthu akudutsa.

"Ndanena zonse. Mudandiletsa, koma ndanena. Ndidapita ndi timabokosi tonse tiwiri kuti ndikawagwire bodza mayi Bernadetta. Ndawerenga ndekha, ababa. Dzina la mankhwala ndi limodzi. Ine ndidakuonani tsiku mudagwa lija, atakunyamulani pangolo. Sindikufuna kudzaonanso."

Sophie adatulutsa pepala lija n'kupereka. Iwo adalitambasula, n'kulitalikitsa pang'ono ndi maso, n'kuwerenga milomo ikugwedera. Atafika kumapeto adayambiranso. Nkhope yawo sidaonetse mkwiyo, sidaonetsenso kukondwa.

Adalipinda n'kuliika m'thumba la malaya. Adadzuka movutikira, atagwira mtengo, n'kutembenuza njinga kuloza ku Chimbiya.

"Dzuka. Tibwerere komweko."

"Kukatani, ababa?"

"Ndili ndi mafunso anga. Ndikufuna akandiyankhe ine mwini wake, osati kudzera mwa mwana."

Adayamba kuyenda, a Bonifasio akukankha njinga, Sophie ali pambuyo ndi dengu. Atayandikira mashopu aja, adaona anthu ogulitsa atasiya ndowa zawo m'mbali mwa msewu. Onse ankathamangira mbali imodzi. Pakhomo la famase padali chikhamu, ndipo pakati pake pankamveka mawu a a Gibson, akukuwa kuti mayi Bernadetta atuluke panja ayankhe pamaso pa anthu.

A Bonifasio adaima. Adayang'ana chikhamucho, adayang'ana mwana wawo. Kenako adamupatsa njinga.

"Gwira apa," adatero, n'kuyamba kupatula anthu kuti adutse.